Galimoto yakale ikakana kulira: tsatirani njira ya mafuta musanagule kanthu

Galimoto yakale ikakana kulira m'mawa, anthu ozungulira sachedwa kugamula kuti pampu ya mafuta yafa. Zimandipweteka kuona munthu akutenga ndalama ya chakudya cha ana kukagula pampu yatsopano, kuimanga, galimoto n'kukanabe, chikhalirecho vuto linali fyuzi yopsa kapena payipi yong'aluka. Mafuta ali ndi njira yake. Amachoka mu thanki, amadutsa m'payipi, mu pampu ndi mu fyuluta yosefa zinyalala, n'kukafika ku kabuleta, imene imasakaniza petulo ndi mpweya, kapena ku ma injector, tizipangizo topopera mafuta m'injini. Ntchito yanu ndi kupeza pamene aima, ndipo mungathe kupeza ndi zida zochepa kwambiri.

Malangizowa ndi a magalimoto amitundu itatu amene adakali ambiri m'misewu yathu: a kabuleta ngati Nissan 1400 ndi ma Hilux akale a petulo, a petulo a ma injector ngati Corolla ndi Carina za m'ma 1990, ndi a dizilo akale ngati Hiace ya injini ya 3L kapena 5L.

Sonkhanitsani masipanala, sikuludilaiva, pulayasi, botolo loonekera mkati, nsanza, kawaya kakafupi ndi kababu koyesera magetsi. Ikani ndowa ya mchenga pafupi, chifukwa moto wa petulo suzimitsidwa ndi madzi. Gwirirani ntchito panja, kutali ndi mbaula, ndipo wosuta fodya achoke. Musayamwe mafuta ndi pakamwa, ngakhale mwaonapo ena akutero. Petulo akalowa m'mapapo amavulaza koopsa.

Yambani mwatsimikiza kuti vuto ndi mafutadi

Tembenuzani kiyi, mumvetsere. Mukangomva kuti tcha tcha tcha, kapena injini ikamazungulira mofooka, za mafuta zisiyeni kaye, muone batire, mitu yake ndi sitata. Pano tikunena za injini imene ikuzungulira mwamphamvu koma siikugwira. Musapitirire masekondi 10 mutagwira kiyi. Pumulani pafupifupi theka la mphindi musanayesenso, apo ayi mupsereza sitata ndi kumaliza batire vuto musanalipeze.

Ngati galimoto ndi ya petulo, ipatseni mafuta pang'ono ndi dzanja lanu. Ya kabuleta, chotsani chivundikiro cha fyuluta ya mpweya, muthire petulo wa supuni yaing'ono imodzi kukhosi kwa kabuleta. Ya ma injector, masulani chipayipi chachikulu cholowetsa mpweya mupoperemo pang'ono mankhwala otsukira kabuleta, n'kuchibwezera. Ikani botolo kutali, chotsani nkhope pamwamba pa injini, kenako mnzanu alize. Musathire pamene injini ikuzungulira, chifukwa moto umatha kubwerera kudzera kukhosi kuja n'kukupezani muli ndi botolo m'manja.

Injini ikalira masekondi awiri kapena atatu n'kuzima, mwapeza yankho lofunika: moto wa mapulagi ulipo, injini ndi yamoyo, mafuta ndiwo sakufika. Ikapanda kugwedezeka n'komwe, masulani pulagi imodzi muione. Ikakhala yonyowa ndi yonunkha petulo, mafuta akufika ndithu, mwina mopitirira. Pamenepo pondani thabwa la moto mpaka pansi osalipopa, mulize, kuti mpweya wambiri uumitse m'kati. Zikakanika, vuto lili ku moto wa mapulagi kapena ku lamba wa timing, amene amagwirizanitsa kayendedwe ka zigawo za injini, ndipo pampu ilibe mlandu. Pulagi ikakhala youma gwa pambuyo poliza kangapo, pitirizani kuwerenga.

Galimoto ya dizilo musaithire petulo kukhosi. Gawo lake lili m'munsimu, koma za thanki zikukhudza onse.

Thanki ndi zimene zili m'kati mwake

Geji ya galimoto ya zaka 25 kapena 30 musaikhulupirire kwambiri. Kachoyandama ka mu thanki kamakakamira, muvi n'kumaloza pa kota pamene m'kati muli mbee. Thirani malita 5 amafuta amene mukuwadziwa bwino gwero lake, makamaka ngati galimoto yaima pamtsetse, pakuti mafuta ochepa amathawira mbali imodzi n'kusiya kamwa ya payipi pamtunda.

Potsegula chotsekera thanki, tcherani khutu. Mukamva mpweya ukulowa mwamphamvu, ndipo galimoto n'kulira pamene chotsekeracho chili chomasuka, ndiye kuti kanjira kolowetsa mpweya mu thanki katsekeka. Mafuta akamatuluka, mpweya uyenera kulowa m'malo mwake. Ukapanda kulowa, pampu imakoka mpaka kulephera. Chizindikiro chake n'chakuti galimoto imayenda bwino makilomita angapo, n'kuzima, ndipo ikapuma imaliranso.

Tsopano mafuta enieniwo. Nthawi zimene mafuta amasowa, ambiri a ife timagula a m'zigubu m'mbali mwa msewu, ndiponso timayenda thanki ili pansi penipeni. Zonse ziwirizi zimabala mavuto. Chigubu chimabwera ndi mchenga, madzi, nthawi zina palafini. Thanki yokhala nthawi yaitali ili yosadzaza imachita thukuta m'kati usiku kukazizira, madziwo n'kuyambitsa dzimbiri. Onjezani apo kuti petulo wa ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wa nzimbe kuyambira mu 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba kumupanga. Ethanol amakoka chinyezi, komanso amafewetsa ndi kudya mapayipi a labala akale amene sanapangidwire mafuta otere. Galimoto yoyenda tsiku lililonse siivutika nazo kwambiri, koma imene yaima miyezi ingapo imaonetsa.

Tapani mafuta pang'ono m'botolo loonekera, kuchokera pa bawuti yokhetsera pansi pa thanki ngati ilipo, kapena pa payipi yopita ku fyuluta. Liikeni pansi mphindi zingapo. Madzi amakhala pansi, mzere wowalekanitsa ndi mafuta n'kuoneka bwinobwino. Dzimbiri limaoneka ngati ufa wofiirira. Petulo wokalamba amada mtundu ndipo amanunkha ngati vanishi. Mukapeza chimodzi mwa izi, khetsani thanki yonse. Ngati dzimbiri ndi lambiri, thanki itsitsidwe, itsukidwe. Kumanga pampu ndi fyuluta zatsopano pa thanki yauve kuli ngati kuthira madzi a pamjigo mu mtsuko wosatsuka. Ndipo chonde, thanki ya petulo musaipereke kwa wowotcherera ngati kuti ndi chitsulo wamba. Ngakhale itakhetsedwa, fungo lotsala m'kati limaphulika.

Galimoto ya kabuleta

Apa zinthu zimaoneka ndi maso, n'chifukwa chake magalimotowa ndimawakonda. Injini ili yozima, suzumirani kukhosi kwa kabuleta ndi tochi, mukoke ndi dzanja kachitsulo kamene waya wa thabwa la moto amakoka. Muyenera kuona kamtsinje ka petulo kakutumphuka. Makabuleta ambiri a ku Japan alinso ndi kagalasi m'mbali, kokhala ndi kadontho kapena kamzere kosonyeza pamene petulo ayenera kulekezera. Kagalasi kakakhala kouma, bwererani m'mbuyo mutsate payipi.

Zulani payipi yolowa mu kabuleta, muilozetse m'botolo, muchotse waya waung'ono wopatsa magetsi koyilo, imene imapereka moto ku mapulagi, kuti pasathetheke moto, mnzanu alize. Pampu yamoyo imalavula petulo mwamphamvu, modukizadukiza, mogwirizana ndi kuzungulira kwa injini. Ikatero, vuto lili m'kabuleta: kasingano kolowetsa petulo kakakamira. Gogodani pang'ono m'mbali mwa kabuleta ndi chigwiriro cha sikuludilaiva, nthawi zambiri kamamasuka. Koma kugogoda n'kongokufikitsani kunyumba. Kabuletayo ikufunika kumasulidwa ndi kutsukidwa, timabowo take n'kupemereredwa ndi mpweya. Musatokose timabowoto ndi waya, mungatikulitse, galimoto n'kuyamba kumwa mafuta mosaneneka.

Petulo akamangodontha kapena osatuluka, onani fyuluta. Pa Nissan 1400 ndi anzake imakhala ya pulasitiki, yotsika mtengo, ndipo litsiro limaonekera. Isintheni, muonetsetse kuti muvi wojambulidwa pa iyo waloza kumene mafuta akupita. Ikakhala yoyera koma mafuta osabwerabe, tengani payipi ina yaifupi, muimange pakamwa polowera pa pampu, mbali inayo muiviike m'kachigubu ka petulo woyera. Galimoto ikalira motero, pampu ndi yabwino, njira yochokera ku thanki ndiyo yatsekeka kapena yang'aluka. Yenderani payipi yonse pansi pa galimoto. Pindani mbali za labala ndi zala. Ming'alu yaing'ono simatulutsa petulo nthawi zonse, koma imalowetsa mpweya, pampu n'kumayamwa mphepo. Ikakana ngakhale kuchokera m'kachigubu, pamenepo mungathe kunena kuti pampu yatha.

Musanatseke boneti, solomolani ndodo yoyezera oyilo muinunkhize. Pampu yamtunduwu imamangidwa pa injini penipeni, ndipo kalabala ka m'kati mwake kakabooka, petulo amatsikira mu oyilo. Oyilo akakwera kupitirira mzere ndi kununkha petulo, musinthe pampu ndi oyilo yemwe. Mukasiya, injini idzadyeka m'kati.

Palinso vuto la nyengo yotentha, limene oyenda ku Chikwawa ndi ku Nsanje mu Okutobala ndi Novembala amalidziwa. Mwaimitsa galimoto ili yotentha, pakapita mphindi 10 ikukana. Petulo wawira m'payipi n'kusanduka nthunzi, ndipo pampu yopangidwira zamadzimadzi siingakankhe nthunzi. Tsegulani boneti, ikani nsanza yonyowa pa pampu ndi pa payipi, mudikire. Pambuyo pake onani ngati payipi sinayandikire kwambiri ku ekizozi.

Galimoto ya petulo ya ma injector

Pampu yake ndi ya magetsi ndipo kawirikawiri imakhala m'kati mwa thanki. Kabuleta imakhutira ndi mphamvu yochepa yokankhira mafuta, pafupifupi 0.3 bar (bar ndi muyezo wa mphamvuyo), koma ma injector amafuna pafupifupi 3 bar. Choncho musazule payipi mwachisawawa. Kulungani nsanza polumikizira, mumasule pang'onopang'ono, maso muli mutawateteza.

Yambani ndi khutu. Tsegulani chotsekera thanki, ikani khutu pafupi, mnzanu atembenuze kiyi kufika pamene magetsi a pa dashibodi amayaka. Magalimoto ambiri pampu imang'ung'udza masekondi awiri n'kusiya. Koma samalani ndi Toyota za m'ma 1990: zambiri mwa izo pampu siilira pongoyatsa kiyi, imadikira sitata iyambe kuzungulira. Pampu zabwinobwino zambiri zatayidwa chifukwa chosadziwa zimenezi.

Ma Toyota amenewa ali ndi njira yosavuta yoyesera. Pansi pa boneti pali kabokosi kolembedwa DIAGNOSIS, ndipo kuseri kwa chivundikiro chake kuli chithunzi cha timabowo ndi mayina ake. Lumikizani FP ndi +B ndi kawaya, muyatse kiyi. Mwatero mwapereka magetsi ku pampu molambalala relay, kaswitchi ka magetsi kamene kamaiyatsa. Werengani zilembozo kawiri musanalowetse waya, chifukwa kulumikiza molakwika kungaononge kompyuta ya galimoto. Pampu ikalira ndipo galimoto n'kugwira, vuto ndi relay ija kapena mawaya ake. Mukatha kuyesa chotsani kawayako. Relay imeneyi inaikidwa kuti pampu izime injini ikazima, ndipo pa ngozi ndi imene imaletsa petulo kupitiriza kuthiridwa pa galimoto yogubuduzika.

Pampu ikakhala chete, pitani ku bokosi la mafyuzi. Fufuzani yolembedwa EFI kapena FUEL PUMP. Musangoiyang'ana, iyeseni ndi kababu mbali zonse ziwiri kiyi ali woyatsa. Yopsa muisinthe ndi ya nambala yomweyo. Osakulunga waya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya m'malo mwa fyuzi, magalimoto apsa nazo zimenezi. Yatsopano ikapsanso nthawi yomweyo, pali waya wosupuka amene akukhudza chitsulo, kapena pampu yalimba ndipo ikukoka magetsi ambiri. Relay mungaiyese poisinthanitsa ndi inzake yofanana nayo nambala ndi miyendo. Magalimoto ena a Ford ndi ena a ku Ulaya ali ndi kabatani kamene kamadula pampu galimoto ikagunda chinthu, ndipo dzenje lalikulu la pamsewu limatha kukagwetsa. Kukadina kokha kumabwezera zonse.

Fyuzi ndi relay zikakhala bwino, tsatirani magetsi mpaka pa pampu. Mu Corolla ndi magalimoto ang'onoang'ono ambiri, mukanyamula mpando wakumbuyo mumapeza kachitseko ndi pulagi ya mawaya. Yesani ndi kababu pamene mnzanu akuliza. Kababu kakapanda kuyaka, vuto ndi waya. Kakayaka koma pampu ili zii, onani waya wa earth, wolumikiza pampu ku chitsulo cha galimoto, ngati sanachite dzimbiri, kenako menyani pansi pa thanki ndi chikhatho kapena kamtengo pamene mnzanu akuliza. Pampu yotopa imatha kudzidzimuka n'kuyamba. Ikatero pitani nayo molunjika kokasintha, musazimitse panjira.

Kulira kwa pampu sikutanthauza kuti ikukankha mokwanira. Kansalu kosefa ka kumunsi kwake kamatsekeka ndi dzimbiri, ndipo kapayipi kakafupi ka m'kati mwa thanki kamang'aluka, petulo n'kumangobwerera momwemo. Fyuluta yachitsulo ya magalimotowa imaiwalika zaka zambiri chifukwa imabisala pansi pafupi ndi khoma la injini. Ngati galimoto inayamba ndi kufooka pamtunda ndi kudukiza mukaponda moto, masiku angapo isanakaniretu, ganizirani fyuluta ndi pampu yotopa. Posintha fyuluta ikani mawashala amkuwa atsopano. Chotsimikizira chenicheni ndi geji yoyezera mphamvu ya mafuta, ndipo ndi bwino kulipira makaniko amene ali nayo kusiyana ndi kugula pampu mongoganizira.

Mphamvu ikakhala yokwanira koma mapulagi ali ouma, ma injector sakutseguka. Ikani nsonga ya sikuludilaiva yaitali pa injector, chigwiriro pakhutu, mnzanu alize. Muyenera kumva kuti ti ti ti. Onse akakhala chete, si kuti afa limodzi. Kompyuta siikuwalamula, mwina chifukwa sensa yowerenga kuzungulira kwa injini yafa, kapena chotetezera galimoto kwa akuba chadula. Alamu zomangidwa pambuyo pake ndi timaswitchi tobisika timene mwini wake wakale anaika zimavutitsa kwambiri pa magalimoto ogulidwa kwa anthu. Funsani amene anakugulitsani.

Galimoto ya dizilo

Mdani wamkulu wa dizilo ndi mpweya. Thanki ikangouma kamodzi, kapena mukasintha fyuluta, mpweya umalowa m'njira ndipo injini siilira kufikira mutautulutsa, ngakhale mutadzaza thanki.

Yang'anani ku ekizozi pamene mnzanu akuliza. Utsi woyera wonunkha dizilo ukamatuluka, mafuta akufika koma sakupsa. Onani ma heater plug, mapulagi otenthetsa m'kati mwa injini isanalire, ndi fyuzi yake, makamaka m'mawa wa Juni ndi Julayi kumalo ozizira ngati Dedza ndi Mzuzu. Popanda utsi uliwonse, mafuta sakufika.

Choyamba kuona ndi solenoid yozimitsira injini, kachitsulo kokhala ndi waya mmodzi pamwamba pa pampu ya ma injector, chakumbuyo kwake. Kiyi akayatsidwa kamayenera kulira kuti tcha, n'kutsegula njira ya dizilo. Yesani wayawo ndi kababu. Ngati magetsi palibe, tengani waya kuchokera ku mutu wa + wa batire mukhudzitse pa solenoid. Ikalira ndipo injini n'kugwira, vuto ndi fyuzi, waya kapena switchi ya kiyi. Kumbukirani kuti injiniyo siizima kufikira mutachotsa waya wanuyo. Kanthu kakang'ono aka kachititsa anthu kutsitsa pampu yonse pachabe.

Kenako fyuluta. Pansi pake pali kapulasitiki kokhetsera madzi. Ikani botolo, mumasule pang'ono, madzi atuluke kufikira dizilo woyera atayamba kubwera. Nyali ya pa dashibodi yochenjeza za madzi musamainyalanyaze, pakuti madzi ndi amene amapha pampu ya ma injector, chipangizo chodula kwambiri pa injini yonse.

Pamutu pa fyuluta pali batani lopopera ndi dzanja. Masulani kabawuti kotulutsira mpweya ngati kalipo, kapena payipi yotuluka kupita ku pampu, mupope. Poyamba pamatuluka thovu. Pitirizani kufikira dizilo akutuluka wopanda thovu, mumange pamene akutulukabe, mupopenso mpaka batani litalimba. Likakana kulimba ngakhale mwapopa nthawi yaitali, mpweya ukulowa penapake: payipi yong'aluka, labala ya fyuluta yosakhala bwino, kapena mutu wa fyulutawo watha. Likamira n'kukana kubwerera, njira yochokera ku thanki yatsekeka.

Injini ikakanabe, masulani pang'ono manati a mapayipi achitsulo pa ma injector awiri, theka la kuzungulira basi. Phimbani ndi nsanza, manja muchotse, mnzanu alize ataponda moto. Thovu likatha ndipo dizilo akayamba kulavuka, mangani manatiwo mulize. Musayandikitse chala pofuna kumva ngati akutuluka. Dizilo wa pamenepa amatuluka ndi mphamvu yoboola khungu, ndipo bala lake ndi la kuchipatala tsiku lomwelo. Njira imeneyi ndi ya injini zakale zokha ngati 2L, 3L ndi 5L. Pa injini zatsopano zotchedwa common rail, monga D-4D ya Toyota, mapayipiwa musawakhudze.

Ngati solenoid ikulira, dizilo woyera akufika pa pampu, koma pa ma injector sipakutuluka kanthu, onani ngati lamba wa timing sanaduke. Akakhala bwino, pampuyo ipite kwa akatswiri okhala ndi makina oyesera. Si yomasula pansi pa mtengo.

Injini ikalira, isiyeni iyende mphindi zingapo uku mukuyendera ndi tochi malo onse amene munamasula, kuona ngati pakudontha. Mawa lake m'mawa yesani batani lopopera musanalize. Mukalipeza lafewanso, dizilo akubwerera ku thanki usiku chifukwa mpweya ukulowabe. Mangani kapayipi koonekera mkati pakati pa fyuluta ndi pampu, mulize, muyang'ane thovu. Likaoneka, kasunthireni pakati pa thanki ndi fyuluta. Thovu likasowa pamenepo, wolakwa ndi mutu wa fyuluta kapena labala yake. Likapitirira kuoneka, tsatirani payipi kulowera ku thanki, mukumanga zomangira zomasuka ndi kusintha labala iliyonse youma.